Kuteteza mlonda, wapachigayo ndi aliyense wogwira ntchito ali yekha: malangizo kwa olemba ntchito

M'Malawi muno muli anthu ambiri amene amatha maola ochuluka pantchito popanda mnzawo pafupi. Alipo mlonda amene amachezera pasitolo kapena panyumba yosungiramo katundu, mnyamata woyendetsa chigayo, ajenti wa Airtel Money kapena TNM Mpamba m'kanyumba kake, wopopera mankhwala m'munda, woyang'anira pampu ya madzi kudambo, ndi mlangizi amene amayenda midzi yakutali pa njinga yamoto. Ngozi zimene anthu amenewa amakumana nazo sizisiyana kwenikweni ndi za antchito ena onse, koma chimene chimasiyana ndi nthawi imene imadutsa asanathandizidwe. Munthu akavulala ali pagulu anzake amamuona nthawi yomweyo, pamene wovulala ali yekha angathe kugona pansi usiku wonse mpaka obwera m'mawa adzamupeze. Bala lalikulu lotaya magazi lingathe kupha munthu m'mphindi zochepa chabe, ndipo ubongo umayamba kuwonongeka pakangodutsa mphindi 4 mpaka 6 munthu asakupuma. Pa chifukwa chimenechi, malangizo onse otsatirawa alunjika pa chinthu chimodzi, chomwe ndi kufupikitsa nthawi ya pakati pa kuchitika kwa vuto ndi kufika kwa chithandizo.

Udindo umenewu si wongochita mwa chifundo. Lamulo la dziko lino loona za chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha anthu pantchito, la chaka cha 1997, limaika m'manja mwa wolemba ntchito udindo woonetsetsa kuti antchito ake ndi otetezeka, ndipo silipatula wantchito amene ali yekha kapena amene akugwira ntchito usiku. Mu 2019 Malawi adavomerezanso pangano nambala 155 la bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO, lokhudza chitetezo ndi umoyo pantchito, ndipo mu 2022 bungwe lomweli lidaika malo otetezeka ogwirirapo ntchito pa mndandanda wa maufulu akuluakulu a wantchito aliyense.

Choyamba: lembani onse amene amatsala okha ndi nthawi imene amatsala

Tengani kope ndipo mulembe dzina la wantchito aliyense amene amakhala yekha, malo amene amakhala, komanso ola limene amayamba ndi limene amaweruka. Mlonda wa usiku saiwalika pa mndandanda wotere. Amene amaiwalika ndi mtsikana amene amatsegula sitolo m'mamawa anzake asanafike, wantchito amene amatsala pamene ena onse apita ku nkhomaliro kapena kumaliro, dalaivala amene amabwerera yekha atatsitsa katundu, ndi amene amapita kukasiya ndalama kubanki. Ngakhale kutsala yekhako kukhale kwa ola limodzi lokha, mlembeni.

Chachiwiri: kayendereni malowo pa nthawi imene wantchitoyo amagwira ntchito

Malo amene mumawadziwa masana amasintha usiku. Pitani cha m'ma 10 koloko usiku, muyende limodzi ndi mlonda njira yonse imene amazungulira, ndipo muone ndi maso anu pamene pali mdima, pamene pali dzenje losatseka, udzu wautali wobisa njoka, mawaya a magetsi olendewera ndi mbali ya mpanda imene munthu angalumphe mosavuta. Pa ngodya iliyonse tulutsani foni muone ngati netiweki ikugwira, chifukwa pali malo ambiri pamene foni imagwira kuchipata koma kuseri kwa nyumba yosungiramo katundu imaduka. Muyerekezenso mmene malowo amakhalira magetsi a ESCOM akazima, ndi mmene msewu wofikira kumeneko umakhalira m'nyengo ya mvula.

Mukatero khalani pansi ndi wantchitoyo mumufunse chimene amachiopa kwambiri, ndipo mumusiye alankhule. Antchito ambiri sadandaula chifukwa amaopa kuonedwa ngati amantha kapena kuchotsedwa ntchito, choncho funso lofunsidwa mwachidule limayankhidwa kuti "zonse zili bwino, bwana". Funsani mafunso olunjika: kodi pali usiku umene munamva anthu kuseri kwa mpanda? Kodi lamba wa chigayo anayamba wadukapo muli pafupi? Kodi munayamba mwamvapo chizungulire mutapopera mankhwala? Mayankho a mafunso amenewa ndiwo akuuzeni pamene muyenera kuyambira.

Chachitatu: patulani ntchito zimene munthu sayenera kugwira ali yekha

Pali ntchito zina zimene foni kapena chida chilichonse sichingateteze munthu, chifukwa ngozi yake imagwetsa munthu asanathe ngakhale kukuwa. Ntchito zimenezi muziletse kotheratu pokhapokha pakhale munthu wachiwiri amene waima pafupi, ndipo chiletsocho chilembedwe ndi kukhomedwa pakhoma.

Yoyamba mwa izo ndi kulowa m'malo otsekeka monga chitsime chakuya, thanki ya madzi kapena ya mafuta, ndi dzenje la zonyansa za kuchimbudzi. M'malo otere mpweya wabwino umachepa ndipo mumadzala mpweya wapoizoni umene ungakomole munthu m'kanthawi kochepa. Chomvetsa chisoni kwambiri pa ngozi zoterezi n'chakuti wolowa kukapulumutsa mnzake nayenso kawirikawiri amagwa momwemo, motero wachiwiriyo ntchito yake ndi kukhala kunja atagwira chingwe chimene wolowayo wamangidwa nacho, ndi kuitana anthu, osati kulowa.

Ntchito zina zofunika anthu awiri ndi kukwera padenga kapena pa makwerero aatali, kukonza chilichonse chokhudza magetsi, kugwetsa mitengo, ndi kufukiza chimanga m'nyumba yosungiramo mbewu ndi mapiritsi aja otulutsa mpweya wakupha anankafumbwe, poti mpweya womwewo umaphanso munthu. Pachigayo, kubwezeretsa lamba, kuchotsa chimene chatsekereza kapena kusintha sefa kuchitike injini itazimitsidwa ndipo itaimiratu. Ngati chigayocho n'chamagetsi, switchi yaikulu itsekedwe ndi loko ndipo kiyi akhale m'thumba mwa amene akukonzayo, chifukwa magetsi amene anazima angathe kuyaka dzanja lake lili mkati. Malaya otayirira, chitenje ndi mpango zisayandikire lamba woyenda.

Kumbukiraninso kuti lamulo la zantchito la chaka cha 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, komanso limaletsa kupatsa ntchito zoopsa aliyense wosakwana zaka 18. Mwana wa msinkhu umenewu asasiyidwe yekha pachigayo kapena paulonda, ngakhale atakhala mphwanu.

Chachinayi: khazikitsani nthawi zolumikizana

Apa ndiye pagona nkhani yonse, ndipo ndi pamene olemba ntchito ambiri amalakwitsa. Kuuza mlonda kuti "pakachitika vuto mundiimbire" si ndondomeko ya chitetezo, chifukwa munthu amene wakomoka, wamangidwa ndi achifwamba kapena walandidwa foni sangaimbe. Ndondomeko yabwino imatembenuza zinthu: wantchito amalankhula pa nthawi zoikika pamene zinthu zili bwino, ndipo kukhala chete kwake ndiko kumakhala chizindikiro chakuti kwagwa vuto.

Gwirizanani maola enieni. Kwa mlonda amene amayamba 6 koloko madzulo, mungaike kuti azitumiza uthenga atangofika, kenako 9 koloko, pakati pausiku, 3 koloko m'bandakucha ndi pamene akuweruka. Pamene ngozi ndi yaikulu, monga pamalo pamene mbava zinathyolapo posachedwa kapena pamene munthu akupopera mankhwala, nthawi ifupikitsidwe kufika pa ola limodzi. Kwa woyenda pa njinga yamoto, chofunika ndi kunena kumene akupita, njira imene adzere ndi ola limene akuyembekezeka kufika, ndipo akasintha njira adziwitse asananyamuke. Ngati ali ndi foni yamakono, WhatsApp imalola munthu kuonetsa mnzake pamene ali akuyenda kwa mphindi 15, ola limodzi kapena maola 8, koma njira imeneyi imadalira intaneti ndi batire, choncho ikhale yongowonjezera pa uthenga wamba.

Tchulani munthu mmodzi, dzina lake lilembedwe, amene azilandira mauthengawa usiku uliwonse, ndi wina wolowa m'malo mwake akadwala kapena akachokapo. Uthenga wotumizidwa pa gulu la WhatsApp la anthu khumi nthawi zambiri sukhala ndi mwini, poti aliyense amaganiza kuti mnzake wauona. Ngati inu simungadzuke 3 koloko usiku, musadzinamize; gwirizanani ndi eni masitolo oyandikana nanu kuti alonda anu azilankhulana okhaokha pa maola amenewo, ndipo inu muziimbiridwa pokhapokha wina akapanda kuyankha.

Foni ndi mayunitsi a ntchito imeneyi agule ndi wolemba ntchito. Si chilungamo kuyembekezera mlonda amene malipiro ake ndi ochepa kale kuti azigula yekha mayunitsi otetezera katundu wanu, ndipo zotsatira zake zimakhala zakuti amangofulasha kapena kusiyiratu. Foni yaing'ono ya mabatani ndi yabwino pa ntchitoyi chifukwa batire lake limakhala masiku angapo ndipo sikopa mbava. Pamene netiweki imodzi imavuta, ikani ma simu awiri, ya Airtel ndi ya TNM.

Pomaliza pa mfundo iyi, gwirizanani mawu achinsinsi. Pangathe kukhala nthawi pamene wantchito akulankhula nanu wachifwamba ataima pambali pake, kapena ajenti ali ndi kasitomala amene akumukayikira. Sankhani chiganizo chooneka ngati wamba, monga kufunsa za kiyi wa chipinda chimene kulibe, ndipo nonse mudziwe kuti mawu amenewa akamveka ndiye kuti apolisi aitanidwe popanda kufunsanso mafunso.

Chachisanu: lembani zochita uthenga ukapanda kufika

Ndondomeko yolumikizana imakhala yopanda phindu ngati wolandira mauthenga aona kuti uthenga sunafike n'kungoganiza kuti mwina wantchitoyo wagona. Mwina wagonadi, koma simungadziwe muli pabedi panu. Lembani masitepe ake motsatana ndi nthawi yake: pakadutsa mphindi 10 uthenga usanafike, muimbireni, akapanda kuyankha, imbaninso pakatha mphindi 5, ndipo nthawi yomweyo imbirani munthu wapafupi kwambiri ndi malowo, kaya ndi mlonda wa pamalo oyandikana, mwini nyumba yapafupi kapena wapampando wa komiti ya chitetezo cha m'mudzi; pakakwana mphindi 30, munthu akhale atanyamuka kupita kumeneko. Wopitayo asapite yekha, ndipo akaona zizindikiro za kuthyoledwa asalowe, adikire apolisi.

Kuti zimenezi zitheke, pezani nambala ya foni ya polisi yaing'ono ya m'dera lanu, ya chipatala chapafupi ndi ya mwini galimoto kapena wakabaza wa njinga yamoto amene wavomera kudzutsidwa usiku. Pitani mukadzionetse kwa anthu amenewa masana, vuto lisanagwe. Manambalawa asungidwe m'foni ya wantchito komanso alembedwe papepala lokhomedwa pakhoma, ndipo kiyi wapadera wa chipata akhale ndi munthu wodalirika wokhala pafupi, chifukwa chithandizo chimachedwa kwambiri anthu akafika n'kupeza wovulala ali mkati mwa mpanda wokhoma.

Mukapeza kuti munthuyo anangogona kapena batire linatha, mulangizeni, koma musaleke kupita ulendo wotsatira.

Chachisanu ndi chimodzi: perekani zida, ndipo musamale nkhani ya mbaula

Wogwira ntchito usiku afunika tochi yowala bwino ndi mabatire apadera, wezulo, jombo zotalika, chovala cha mvula ndi jekete lokhuthala. Nyali za sola zoyaka zokha zikhomedwe pa ngodya zamdima zimene munaziona paulendo wanu uja. Wopopera mankhwala afunika magolovesi, chotchinga pakamwa ndi pamphuno, ovolosi, sopo ndi madzi osambira pamalo pomwepo, ndipo botolo la mankhwala likhale ndi chizindikiro chake, chifukwa achipatala adzafuna kudziwa mtundu wa mankhwala amene amupweteka.

Nkhani ya mbaula iyenera kunenedwa mwapadera. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, makamaka kumadera ozizira monga Dedza, Mzuzu, Thyolo ndi Mulanje, mlonda amasonkha mbaula ya makala, kuilowetsa m'kanyumba kake ndi kutseka chitseko kuti chisanu chisalowe. Makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene suoneka ndipo sununkha. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire, mseru ndi kufooka, ndipo popeza zimenezi zimafanana ndi kutopa wamba, amangoti apumuleko pang'ono, kenako amakomoka osadzukanso. Jenereta yoyaka m'chipinda kapena pafupi ndi zenera imatulutsa mpweya womwewo. Kungoletsa mbaula sikuthandiza, chifukwa munthu amene akunjenjemera ndi chisanu 2 koloko usiku adzaisonkhabe mobisa, ndipo adzatseka chitseko kuti asaoneke. Chothandiza ndi kumugulira jekete, chipewa, masokosi ndi bulangete, kumupatsa fulasiki ya tiyi wotentha, ndi kumusonyeza malo apakhonde pamene mphepo imadutsa kuti azisonkhapo moto. Mufotokozereni zizindikiro zija, ndipo mumuuze kuti akazimva atuluke panja nthawi yomweyo n'kuimba foni.

Chachisanu ndi chiwiri: nenani poyera kuti katundu saposa moyo

Alonda ndi ma ajenti ambiri amavulazidwa polimbana ndi achifwamba chifukwa amadziwa kuti katundu akabedwa adzadulidwa malipiro, kuchotsedwa ntchito kapena kuganiziridwa kuti anagwirizana ndi mbava. Muuzeni wantchito wanu, pamaso pa mboni, kuti ntchito yake ndi kuona, kuimba wezulo, kuimba foni ndi kubisala, osati kumenyana ndi gulu la anthu onyamula zikwanje ali ndi chibonga chokha. Mawu amenewa adzakhala ndi mphamvu pokhapokha mukawasunga tsiku limene katundu wabedwadi.

Chepetsaninso chimene chimakopa mbava. Ndalama zisachulukane m'kanyumba ka ajenti kapena pachigayo. Zichotsedwe kangapo patsiku, pa maola osinthasintha ndi njira zosinthasintha, ndipo kuwerengera ndalama kuchitike chitseko chitatsekedwa. Kutseka kukhale kusanade. Amayi ndi atsikana ogwira ntchito okha amakumananso ndi vuto la amuna owavutitsa, ndipo lamulo loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi la chaka cha 2013 limaletsa nkhanza zotere. Apatseni chilolezo chomveka bwino chokana kutumikira kasitomala wotere, kutseka ndi kuchoka, komanso munthu amene angamudandaulire popanda kunyozedwa.

Chachisanu ndi chitatu: ganizirani thanzi ndi kutopa kwa munthuyo

Funsani mwaulemu ndi mwachinsinsi ngati wantchito ali ndi matenda amene angamugwetse mwadzidzidzi, monga khunyu, shuga kapena kuthamanga kwa magazi. Cholinga si kumuchotsa ntchito, koma kumuika pamalo oyenera ndi kufupikitsa nthawi zolumikizana naye. Wantchito watsopano asasiyidwe yekha mpaka atagwira ntchito limodzi ndi wozolowera kwa masiku okwanira. Lamulo la zantchito limaika maola 48 pa sabata ngati malire a maola a ntchito a nthawi zonse, ndipo mlonda amene amachezera masiku onse asanu ndi awiri popanda tsiku lopuma, masana n'kukagwiranso ganyu, sangakhale maso ngakhale atafunitsitsa. Kuchigwa cha Shire, ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kumene kutentha kumafika madigiri 40 m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, wogwira ntchito yekha kumunda akhale ndi madzi akumwa okwanira ndi mthunzi, ndipo ntchito yolemetsa ichitike m'mawa.

Chachisanu ndi chinayi: mphunzitseni kudzithandiza yekha

Bokosi la chithandizo choyamba likhale pamene munthu wovulala mwendo angathe kulifikira, osati mu ofesi yokhoma ya bwana. Mukhale mabandeji, thonje, pulasitala, magolovesi ndi lumo kapena sizasi. Wantchito aphunzitsidwe kupanikiza bala mwamphamvu ndi nsalu yoyera osaichotsa, ndi kuthira madzi ozizira kwa mphindi 20 pamene wapsa. Bungwe la Malawi Red Cross Society limaphunzitsa chithandizo choyamba, ndipo eni mabizinesi oyandikana angathe kusonkherana kuti antchito awo aphunzire limodzi.

Pa kulumidwa ndi njoka, monga mphiri imene imakonda kugona m'njira usiku osathawa, malangizo ake ndi osiyana ndi zimene ambiri adazolowera. Munthu asatemere pabalapo, asayamwe ululu, ndipo asamange mwendo ndi chingwe kapena mphira mothinitsa. Achoke pamene pali njokayo, avule mphete kapena chilichonse chothina, akhale pansi osayendetsa mwendowo, aimbe foni ndipo anyamulidwe kupita kuchipatala mwachangu.

Chakhumi: yeserani, lembani, ndipo ngozi ikachitika nenani

Kamodzi pa miyezi itatu iliyonse yeserani ndondomeko yonse. Gwirizanani ndi mlonda kuti usiku wina asatumize uthenga wa pakati pausiku, osauza wolandira mauthenga, ndipo muwerenge mphindi zimene zidutse munthu asanafike pachipata. Mukatero mudzadziwa ngati nambala ya wakabaza uja ikugwirabe, ngati kiyi wapadera akadali pamalo pake, ndi ngati wolandira mauthenga amazimitsa foni akamagona. Konzani chimene chalephera sabata yomweyo.

Sungani buku lolembamo chilichonse chochitika, ngakhale chimene sichinavulaze munthu: lamba woduka, mlendo wokayikitsa, njoka yopezeka m'kanyumba. Wantchito amene sadziwa kulemba anene pakamwa ndipo wina amulembere. Muziwerenga bukuli limodzi pakutha pa mwezi, ndipo wantchito aziona kuti zimene wanena zikukonzedwa.

Ngozi ikachitika ndipo munthu wavulala, mutengereni kuchipatala, sungani zikalata zonse za kuchipatala ndi za kupolisi, ndipo mukanene ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu popanda kuchedwa. Lamulo la chipukuta misozi kwa antchito la chaka cha 2000 limapatsa wovulala pantchito, kapena banja la womwalira, ufulu wolandira chipukuta misozi, ndipo ofesi imeneyi ndi imene imatsogolera ndondomeko yake. Popeza wogwira ntchito yekha sakhala ndi mboni, buku lija ndi mauthenga a m'foni osonyeza ola limene analankhula komaliza ndizo zidzatsimikizire kuti anavulala ali pantchito, choncho zisafufutidwe mpaka nkhaniyo itatha.